Credit: ulemu kwa akuluakulu, ngongole kwa osauka

Pali liwu lina la Chingerezi limene limapezeka pafupifupi pa tsamba lililonse la nyuzipepala zathu, koma tsamba lililonse likunena zakezake. Liwulo ndi "credit". Pa tsamba la zamalonda ndi ndalama zimene banki yakupatsa kuti udzabweze ndi chiwongoladzanja. Pa tsamba la ndale ndi ulemu umene nduna ikufuna kulandira chifukwa cha mlatho kapena chipatala chimene chamangidwa. M'munsi mwa chithunzi ndi dzina la amene anajambula. Ndipo kuno ku Zomba, kumene kuli likulu la MANEB, liwuli lili ndi tanthauzo linanso limene mwana aliyense wa Fomu 4 amagona nalo m'mutu: pa mayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, ndipo kuti uganiziridwe malo ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo.

Ndinagwirapo ntchito yomasulira nkhani za Chingerezi kuti ziwerengedwe m'Chichewa pa wailesi, ndipo palibe liwu limene linkandiimitsa cholembera ngati limeneli. Mawu a Chichewa analipo, sikuti ankasowa ayi. Chovuta chinali chakuti Chingerezi chimalola mlembi kunena zinthu ziwiri nthawi imodzi osasankha, pamene Chichewa chimakukakamiza kusankha: kodi ukunena za ngongole kapena za kukhulupirika? Ndipo ndinaona kuti kusankhako sikuchitika mwachilungamo. Akakongola wamkulu, nkhani imapendekera ku ulemu. Akakongola wosauka, imapendekera ku manyazi.

Matanthauzo awiriwa sanakumane mwangozi. Liwuli linachokera ku Chilatini, "credere", kutanthauza kukhulupirira, muzu womwewo wa "Credo", chikhulupiriro chija Akhristu amanenera pamodzi m'tchalitchi. Wokongoza amapereka katundu wake lero chifukwa wakhulupirira mawu ako onena za mawa. Aliyense amene anakulira pafupi ndi okala kapena golosale ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi amazidziwa izi ngakhale sanaphunzire Chilatini. Pakhoma pamalembedwa kuti ngongole imadanitsa, koma kuseri kwa kauntala kuli kope. M'kopemo muli mayina a aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma amene adzaza mzinda uno, otenga shuga, sopo ndi mafuta ophikira kuyembekeza kutha kwa mwezi. Mlendo wofika dzulo sangalembedwe m'kope limenelo ngakhale atavala suti. Kulembedwamo ndi umboni wakuti mwini golosale wakuona kwa nthawi yaitali ndipo wapeza kuti mawu ako sagwa pansi. Ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, nakonso ndi chimodzimodzi: wogula nsomba amatsogoza ndalama kwa msodzi amene amamudziwa, ndipo msodziyo akabwera ndi matemba amayamba wafika kwa iye.

Koma tikati munthu "ali ndi ngongole", palibe amene amamva kuti tikumuyamikira. Liwu lathu limodzi lomweli limanyamula ndalama zimene wapatsidwa, zimene watsala nazo kubweza, ndi zimene walephera kubweza, ndipo fungo la chachitatuchi ndi limene limamveka kwambiri. Ngakhale m'pemphero la Ambuye, ambiri a ife tinakula tikupempha kuti atikhululukire mangawa athu, ndiye kuti m'makutu mwathu ngongole ndi tchimo zimakhala moyandikana. Kukhulupirika kuja kumene kunachititsa kuti munthu akongozedwe kumasowa m'chiganizo.

Tsono taonani zimene zimachitika boma likakongola.

Mu Novembala 2023 bungwe la IMF, limene limakongoza maboma a mayiko, linavomereza dongosolo lotchedwa Extended Credit Facility, la ndalama pafupifupi madola 175 miliyoni zoti ziperekedwe pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Patangotsala masiku ochepa kuti izi zichitike, Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankagula feteleza, mafuta ophikira kapena simenti mumsika wa Zomba masabata otsatira akukumbukira mmene mitengo inkasinthira katundu ali pa shelefu pomwepo. Komabe nkhani ya IMF ija inafika ngati uthenga wa chikondwerero. Mawu amene ankamveka kwambiri anali akuti dziko lapezanso chikhulupiriro cha mayiko ndi mabungwe otithandiza, ndipo zitseko zimene zinatsekedwa zitseguka.

Sindikunena kuti limeneli linali bodza. Chichokereni nkhani ya Cashgate mu 2013, pamene kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, mayiko ambiri anasiya kuika ndalama zawo mwachindunji mu bajeti ya boma, ndipo amayang'ana kaye zimene IMF yanena asanasinthe maganizo. Ndiye kuvomereza kwa IMF kunalidi chizindikiro cha kukhulupiriridwa. N'zoonanso kuti ngongole ya mtundu umenewu ndi yofewa: ilibe chiwongoladzanja, kubweza kumayamba patatha zaka zisanu ndi theka, ndipo kumatha pofika zaka khumi. Koma ndi ngongole ndithu. Matanthauzo onse awiri anali oona, ndipo limodzi lokha ndi limene linakwezedwa mawu. Zinali ngati bambo amene wabwera kunyumba ndi paketi ya shuga ya pa ngongole n'kuuza banja lake kuti mwini golosale amamulemekeza kwambiri, osatchula kuti dzina lake lalembedwa m'kope.

Pomasulira m'Chichewa ndi pamene vutoli limafika pachimake. Womasulira ali ndi mawu atatu patsogolo pake: ngongole ya IMF, ndondomeko ya IMF, thandizo la IMF. Loyamba limaoneka laukali, ngati ukutsutsa boma. Lachiwiri silinena kanthu. Lachitatu ndi lofewa, limatsetsereka bwino pakamwa pa wowerenga nkhani, ndipo ndi limene ndinkalimva kawirikawiri. Koma agogo amene akumvera wailesi ku Jali kapena ku Mayaka akamva kuti thandizo, amaganiza za chimanga cha nthawi ya njala kapena ndalama za Mtukula Pakhomo, zinthu zimene munthu sabweza. Pamenepo ndiye kuti wailesi yawauza zinthu zimene nkhani ya Chingerezi ija sinanene n'komwe. Wowerenga Chingerezi anali ndi mwayi woona liwu lakuti credit pakati pa dzinalo n'kudzifunsa. Womvera Chichewa mwayi umenewo analandidwa. Izi zimandiwawa kwambiri chifukwa omvera Chichewa ndi amene ali ambiri, ndipo ndi omwewo amene kugwa kwa kwacha kunawapweteka koposa.

Pa zitukuko napo matanthauzo awiriwa amasiyanitsidwa mwaluso. Aliyense amene anayendapo pa msewu wakale wa Zomba kupita ku Blantyre, wopapatiza uja wodutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi, amayamika kuti unakonzedwa. Inenso ndimayamika. Ndalama zambiri zokonzera msewuwo zinali ngongole yochokera ku African Development Bank. Chitukuko chotere chikatha, andale amakanganirana kuti ulemu upite kwa yani: amene anayambitsa maganizo, amene anasaina mgwirizano, kapena amene anadula riboni. Atolankhani timalemba mkanganowo mosangalala, ndipo m'Chingerezi timati akulimbirana credit. Koma credit inayo, ya ku banki, palibe amene amailimbirana. Mwala wa chikumbutso umakhala ndi dzina la munthu. Pepala la ngongole limakhala ndi dzina la dziko. Mu 2006 Malawi anakhululukiridwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja kudzera m'dongosolo la HIPC, koma zaka makumi awiri zisanakwane IMF ndi World Bank anali atanena kale kuti ngongole zathu zafikanso poti sitingazikwanitse. Pakati pa zaka zimenezo panadulidwa mariboni ambiri, ndipo ndi nkhani zochepa zimene zinkatiuza pa tsiku la riboni kuti ndalamazo zidzabwezedwa liti, ndi ndani.

Tsopano tiyeni kwa mayi wa banki m'khonde, chifukwa ndi iye amene anandichititsa kulemba zonsezi.

Amene sanakhalepo pafupi ndi gulu lotere amaganiza kuti ndi masewera a amayi. Si masewera. Anthu khumi ndi asanu kapena makumi awiri amakumana sabata iliyonse pakhonde la mmodzi wa iwo, aliyense n'kugula masheya malinga ndi mmene wapezera. Pali mlembi, pali msungichuma, pali kathumba kapadera ka zadzidzidzi monga matenda ndi maliro, pali chindapusa cha wochedwa. Wofuna kukaoda tomato ku Thondwe kapena kaunjika ku Limbe amakongola m'gulumo n'kubweza ndi chiwongoladzanja chimene anagwirizana okha, ndipo chaka chikamatha amagawana zonse, nthawi zambiri pamene feteleza ndi fizi zikufunika. Palibe chikole cha nyumba kapena galimoto. Chimene chimagwira ntchito ndi chakuti anzake amamudziwa: amadziwa kumene amagona, mmene geni yake ikuyendera, ngati mwamuna wake amamwa, ngati anabweza bwino chaka chatha. Mayi amene wakhala m'gulu lotere zaka zambiri osaphonya ali ndi credit m'tanthauzo lake lenileni, loyambirira lija. Anthu amene amamuona tsiku ndi tsiku ayesa mawu ake ndipo awapeza olimba.

Koma mayiyu akalowa m'nyuzipepala ya Chingerezi amalembedwa ngati munthu wosowa: alibe akaunti ku banki, alibe mwayi wopeza credit. Lamulo la Credit Reference Bureau la 2010 linakhazikitsa njira yosungira mbiri ya anthu okongola kuti mabanki adziwe wobweza bwino ndi wozemba, koma kope la mlembi wa banki m'khonde silifika kumeneko. Akapita ku banki amamufunsa pepala la malipiro kapena la malo, ndipo zaka zake zonse za kukhulupirika siziwerengedwa. Akalowa m'nkhani ya Chichewa ndiye kumakhala koipirapo, chifukwa banki m'khonde imamveka pa wailesi pokhapokha msungichuma akathawa ndi bokosi, kapena gulu likakalanda ziwiya ndi malata kwa mnzawo wolephera kubweza. Magulu ambirimbiri amene amagawana ndalama zawo mwamtendere chaka ndi chaka sakhala nkhani.

Sindikufuna kukometsa zinthu mopitirira. M'magulu amenewa mulinso nkhanza. Alipo amayi amene amakongola ku gulu lina kuti akabweze ku linzake mpaka kumira, ndipo manyazi olandidwa katundu pamaso pa anansi aphetsa anthu. Kulinso katapila, amene amasunga makadi a ATM a ogwira ntchito m'boma n'kumatapa malipiro mwini wake asanawaone. Zimenezi ziyenera kulembedwa, ndipo zilembedwe mosabisa. Chimene ndikukana ndi kusiyana kwa kalembedwe. Boma likakongola kwa mabanki a m'dziko muno kuti libweze ngongole ina yakale, tsamba la zamalonda limapeza mawu aulemu ofotokozera zimenezo, mawu a akatswiri. Mayi akachita zomwezo timati walowerera, sadziwa kusamala ndalama. Chonsecho kukongola kwa boma kumeneko ndi kumodzi mwa zifukwa zimene mabanki sasamalira mayiyu: wokongoza boma amapeza phindu lalikulu popanda kuyenda m'misika kufufuza anthu a geni zazing'ono. Mu 2024 chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imakhazikitsa ngati poyambira chinali pa 26 peresenti, ndipo wokongola wamba amalipira choposa pamenepo.

Pali mbiri ina imene achinyamata ambiri saidziwa, koma imaonetsa bwino zimene zimachitika matanthauzo awiriwa akasokonezedwa dala. M'nthawi ya Kamuzu alimi ang'onoang'ono ankalandira feteleza ndi mbewu pa ngongole kudzera m'makalabu a alimi, ndipo chakumapeto kwa ulamulirowo ntchitoyi inkayendetsedwa ndi bungwe la SACA. Kalabu yonse inkayankha mlandu wa membala mmodzi: wina akalephera kubweza, onse ankamanidwa chaka chotsatira. Ngongole zinkabwezedwa pafupifupi zonse, mwa zina chifukwa cha kudziwana kwa pamudzi, mwa zinanso chifukwa cha mantha, poti wolephera ankalandidwa mbuzi kapena katundu wa m'nyumba. Kenaka kunabwera chilala cha 1992, kunabwera riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, ndipo m'kati mwa kampeni alimi ambiri anamva kuti ngongole za boma si zoti munthu n'kuvutika nazo. Kubweza kunagwa, SACA inatha, ndipo m'malo mwake munabwera Malawi Rural Finance Company.

Kuchokera pamenepo takhala tikuzungulira malo amodzi. Kunabwera thumba la boma lokongoza anthu wamba la MARDEF mu 2005, inasanduka MEDF, ndipo mu 2020 inasandukanso NEEF. Dzina lililonse latsopano limabwera ndi misonkhano yogawa ngongole, ndipo pakapita nthawi kumamveka madandaulo akuti anthu sakubweza. Apa ndi pamene liwu lathu lija likugwira ntchito ziwiri pa bwalo limodzi. Wandale amene waima pa nsanja akufuna ulemu, ndipo kuti aupeze ayenera kulankhula ngati akupereka mphatso. Wolandira akumva mphatso, kapena kuthokozedwa chifukwa cha voti. Mtolankhani amalemba za mwambowo, kuchuluka kwa ndalama ndi magule amene anavinidwa, osafunsa kuti olandirawo anasankhidwa bwanji ndiponso adzabweza motani. Pakatha zaka ziwiri mtolankhani yemweyo amalemba kuti Amalawi ali ndi chikhalidwe chosabweza ngongole. Ine mawu amenewo sindiwavomereza. Munthu yemweyo amene sanabweze ya boma amabweza ya banki m'khonde sabata iliyonse, ndiponso ya mwini golosale mwezi ukatha. Kumene kuli kudziwana ndi kukhulupirirana amabweza. Kumene ngongole inaperekedwa ngati malipiro a ndale, chikhulupiriro chinali chisanakhalepo n'kale.

Wophunzira wa pa yunivesite ya Malawi ku Chirunga amakumana ndi matanthauzo onse awiri motsatizana. Makirediti ake asanu ndi limodzi ndi umboni wakuti dziko lamuyesa ndipo lamukhulupirira. Akafika pa sukulu, ngati kwawo n'kosauka, amapempha ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, kuti alipire fizi ndi kachipinda ku Chikanda. Akamaliza n'kukhala zaka osapeza ntchito, dzina lake limalowa m'gulu la osabweza. Alipo ena amene ali pa ntchito zabwino ndipo akungozemba. Amenewo atsatidwe, chifukwa akutsekereza ana a anzawo. Koma nkhani imene imaika wozemba ndi wosowa ntchito m'thumba limodzi siinafufuzidwe mokwanira.

Nafenso olemba nkhani liwuli limatikhudza. Mtolankhani wa m'boma ngati lino amayenda pa kabaza kukafika kumene madzi asefukira, n'kujambula zithunzi, ndipo pofika madzulo zithunzizo zili pa masamba ambirimbiri a Facebook ndi m'magulu a WhatsApp popanda dzina lake. Walandidwa ulemu, walandidwanso ndalama, chifukwa ntchito ya mawa imabwera kwa amene dzina lake likudziwika. Wowerenga nayenso waluza, poti sakudziwanso woti amufunse ngati chithunzicho chili cha chaka chino kapena cha nthawi ya namondwe wa Freddy.

Poyamba ndinkaona ngati Chichewa n'choperewera chifukwa chilibe liwu limodzi lonyamula zonsezi. Masiku ano ndimaona kuti kusowa kwa liwu loterolo kumateteza womvera, bola womasulira akhale wolimba mtima. Popeza sungabisale kuseri kwa liwu limodzi, uyenera kunena zonse ziwiri poyera: wakhulupirira mnzake ndani ndipo chifukwa chiyani, wakongola ndani, zingati, adzabweza liti, ndipo ndalama zobwezerazo zidzachokera m'thumba la yani. Masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe, nyuzipepala ya Fuko, ndiponso mawailesi a m'madera ngati amene tili nawo kuno ku Zomba, ali ndi mwayi wochita zimenezi kuposa tsamba la zamalonda la Chingerezi, limene owerenga ake ambiri ndi okongoza ndi okongola akuluakulu omwewo. Chimafunika ndi mkonzi amene sangafufute liwu lakuti ngongole poopa kuti likumveka ngati kunyoza boma, ndiponso amene angatume mtolankhani kukaona tsiku logawana ndalama la banki m'khonde monga mmene amamutumira ku msonkhano wa pachaka wa banki yaikulu.

Dongosolo la IMF lija silinafike kumapeto. Mu Meyi 2025 linatha lokha, chifukwa panadutsa miyezi 18 popanda kuunika kulikonse kumene kunamalizidwa. Pa madola 175 miliyoni aja, dziko linangolandira gawo loyamba, pafupifupi madola 35 miliyoni. Nkhani zambiri za nthawiyo zinakamba za kutha kwa chikhulupiriro ndi zimene mayiko otithandiza angachite. Gawo limene tinalandiralo likadali m'kope la IMF, ndipo kubweza kwake kuyamba cha mu 2029.